Makalori angati pa tsiku? Kawerengedwe ka wofuna kuchepetsa thupi uku akuchita masewera

Alamu anga a ku Mufakose anayamba kuyenda m'mawa uliwonse mwezi wa June, nthawi imene chisanu cha mu Harare chimaluma makutu. Ankadzuka anthu asanayambe kupikisana pa makombi, n'kuyenda makilomita asanu, n'kubwerera kunyumba thukuta lili kamukamu. Patatha miyezi iwiri anakwera pa sikelo, ndipo muvi unaloza pomwe unaloza tsiku loyamba, pa makilogalamu 84. Anandiimbira foni mawu ali olefuka: "Alamu, nanga ine ndikuzunzikiranji?"

Nditawafunsa zimene amadya akabwerako, nkhani inaoneka poyera. Kale ankamwera tiyi magawo awiri a buledi. Atayamba kuyenda ankamaliza kota yonse ya lofu, yopaka majarini mosaumira, poti "ndagwira ntchito". Masana ankagulanso chakumwa chozizira chodzithokoza nacho. Ulendo wawo wa m'mawa unkawotcha makalori (muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi) pafupifupi 200 pamwamba pa amene thupi likanawotcha atangokhala, ndipo botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la 500 ml limabweza makalori onse amenewo m'mphindi zisanu.

Zimene ndikulemba pano ndi zimene tinachita nawo limodzi, pepala ndi cholembera zili m'manja. Masamu ake si ovuta, kalikyuleta ya pa foni ikwanira. Ndigwiritsa ntchito manambala awo monga chitsanzo, koma inu ikanimo anu. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo nambala ya mnzanu wa ku jimu si yanu.

Yambani mwadziwa ngati njirayi ikukuyenerani

Ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa mwana wamng'ono, simunakwane zaka 18, kapena mukulandira mankhwala a TB, musadzichepetsere chakudya panokha. Odwala matenda a shuga, makamaka amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga, akachepetsa chakudya n'kuwonjezera masewera shuga amatha kutsika kwambiri mpaka munthu kukomoka, choncho ayambe akambirana ndi adokotala kapena anesi ku kiliniki ya khonsolo kuti mankhwala awunikidwenso. Chimodzimodzi amene ali ndi vuto la mtima, la impso, kapena BP yokwera kwambiri. Ena amene ali pa ma ARV amaona thupi likukwera. Amenewa angathe kutsatira malangizowa, koma mankhwala sasiya ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha sikelo. Ndipo ngati thupi likutsika lokha musanasinthe kalikonse, musasangalale nazo, pitani mukayezetse.

Gawo 1: Yezani zinthu zitatu

Mufunika kulemera kwanu m'makilogalamu, kutalika kwanu m'masentimita, ndi zaka zanu. Kulemera muyeze m'mawa, mutapita kuchimbudzi, musanadye kapena kumwa, mutavala zopepuka. Kutalika, imani mowongoka, msana utagunda khoma, opanda nsapato, wina aike buku pamutu panu n'kulemba chizindikiro pa khomapo, kenako muyeze ndi tepi ya atelala. Ambirife timadziwonjezera masentimita awiri kapena atatu tikamangonena za m'mutu.

Tepi yomweyo muyezere m'chiuno, podutsa pa mchombo kapena pamwamba pake pang'ono, mutapuma mpweya kunja koma osakoka mimba. Lembani nambalayo pambali, idzakuthandizani kutsogoloku. Muyezo wosavuta kukumbukira ndi wakuti chiuno chisapose theka la kutalika kwanu. Munthu wa masentimita 162 chiuno chake chikhale chosapitirira 81.

Gawo 2: Pezani zimene thupi limawotcha mutangogona

Thupi limadya mphamvu ngakhale mutagona tsiku lonse osatembenuka. Mtima ukugunda, mapapo akupuma, ubongo ndi chiwindi zikugwira ntchito, thupi likudzifunditsa. Kwa anthu ambiri mphamvu imeneyi ndiyo gawo lalikulu la makalori onse a pa tsiku, kuposa theka, ndipo n'chifukwa chake masewera paokha sasuntha sikelo msanga monga timayembekezera.

Kawerengedwe kamene akatswiri a zakudya amakonda kugwiritsa ntchito kamadziwika ndi dzina la Mifflin-St Jeor, ndipo kanasindikizidwa mu 1990. Kali motere. Chulukitsani kulemera kwanu ndi 10. Chulukitsani kutalika kwanu ndi 6.25. Phatikizani ziwirizo. Chulukitsani zaka zanu ndi 5, n'kuchotsera pa zimene mwapezazo. Pomaliza, ngati ndinu amuna wonjezerani 5, ngati ndinu akazi chotserani 161.

Alamu anga ali ndi zaka 38, kutalika masentimita 162, kulemera makilogalamu 84. Ndiye 840 kuphatikiza 1,012 ndi 1,852. Kuchotsera 190 kutsala 1,662. Kuchotseranso 161 kutsala 1,501. Tingoti 1,500.

Titengenso bambo wa zaka 45, wa masentimita 175 ndi makilogalamu 95. Apa 950 kuphatikiza 1,094 ndi 2,044, kuchotsera 225 kutsala 1,819, kuwonjezera 5 ndi 1,824. Tingoti 1,820.

Musavutike ndi timanambala ta kumapeto. Kawerengedweka n'koyerekeza chabe, ndipo kwa munthu mmodzi kangathe kuphonya ndi makalori 100 kapena 200 mbali iliyonse. Sikelo ndi imene idzakonze zophonyazo pakapita masabata angapo.

Gawo 3: Chulukitsani ndi mmene mumakhalira tsiku lonse

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza, ndipo ndikhalitsapo pang'ono.

Nambala ya m'gawo 2 muichulukitse ndi imodzi mwa izi. Ngati mumakhala pansi tsiku lonse, mu ofesi, pa makina osokera kapena pa chiwongolero, ndipo simuchita masewera, chulukitsani ndi 1.2. Ngati mumachita masewera opepuka tsiku limodzi mpaka atatu pa sabata, kapena mumayendayenda ndithu pa ntchito, ndi 1.375. Ngati mumachita masewera otulutsa thukuta masiku atatu mpaka asanu pa sabata, ndi 1.55. Ngati ntchito yanu ndi yolemetsa tsiku ndi tsiku, monga kuumba njerwa, kuponda matope pa zomangamanga kapena kukankha ngolo ya katundu ku Mbare Musika, ndi 1.725.

Vuto ndi lakuti munthu akalembetsa ku jimu amadziona ngati wa 1.55 nthawi yomweyo. Koma taganizirani: ola limodzi ku jimu, kenako maola asanu ndi atatu pa mpando, kenako mu kombi, kenako pa sofa mpaka kugona. Munthu ameneyu amaposedwa ndi mayi wogulitsa masamba amene sanapondepo mu jimu, koma amadzuka usiku kukapikula, kusenza dengu, kuima tsiku lonse, madzulo n'kukatunga madzi ku mjigo poti pa mpopi sakutuluka. Mukakayika pakati pa manambala awiri, tengani yaing'ono. Mukaitenga yaikulu molakwika mudzataya mwezi wathunthu mukudabwa. Mukaitenga yaing'ono molakwika, njala ndi sikelo zidzakuuzani msanga, n'kuwonjezera.

Alamu anga amasoka zovala pakhomo, ndipo kupatula ulendo wa m'mawa uja amakhala pa makina. Tinawaika pa 1.375. Ndiye 1,500 kuchulukitsa ndi 1.375 ndi pafupifupi 2,060. Amenewa ndi makalori amene akadya pa tsiku thupi silikwera kapena kutsika. Bambo uja, tinene kuti amathamanga ndi kunyamula zitsulo kanayi pa sabata ndipo ntchito yake ndi yoimaima, tichulukitse 1,820 ndi 1.55, tipeza pafupifupi 2,820.

Tsopano gwirani ichi, poti ndi pamene ine ndinagwera zaka zapitazo. Masewera anu alowa kale m'nambala imeneyi. Mwawawerengera pamene munasankha 1.375 kapena 1.55. Musawawerengerenso kachiwiri. Mapulogalamu ambiri a pa foni, mukalemba kuti mwathamanga, amakuwonjezerani makalori oti mudye tsiku limenelo, ndipo wotchi ya pa mkono imakuuzani kuti mwawotcha 600. Ine ndinkakhulupirira wotchiyo ngati mawu a m'buku loyera, madzulo n'kudya 600 yonseyo, ndipo kwa miyezi itatu lamba sanasunthe bowo ngakhale limodzi. Mawotchi ndi makina a mu jimu amayerekeza chabe, ndipo kawirikawiri amakometsa nambala. Komanso amaphatikizamo makalori amene mukanawotcha ngakhale mukanakhala pansi ola limenelo.

Ngati mukufuna chithunzi choona cha zimene masewera amawotcha, nachi chosavuta. Kuthamanga kilomita imodzi kumadya pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lanu. Kuyenda kilomita yomweyo kumawonjezera pafupifupi theka la pamenepo. Munthu wa makilogalamu 84 akathamanga makilomita asanu ndi makalori cha m'ma 420, akayenda ndi cha m'ma 210. N'zothandiza ndithu, koma si chilolezo cha mbale yachiwiri.

Gawo 4: Chotserani pang'ono, osati theka

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Choncho mukamadya makalori 500 ochepera pa amene mumawotcha tsiku lililonse, pa sabata ndi 3,500, kumene kuli kutsika pafupifupi theka la kilogalamu. Nambala ya 500 ndiyo imatchuka, koma sikwanira aliyense mofanana. Kwa bambo wa 2,820 uja, kuchotsa 500 sikupweteka, atsala ndi 2,300 kapena kuposerapo pang'ono. Kwa mayi wamfupi amene nambala yake ndi 1,750, kuchotsa 500 ndi nkhanza. Ine ndimakonda kuchotsa magawo 15 mpaka 20 pa 100 alionse. Kwa alamu anga magawo 20 a 2,060 ndi pafupifupi 410, ndiye tinakhazikitsa 1,650 pa tsiku.

Ndi nambala imeneyi amayenera kutsika cha m'ma kilogalamu imodzi ndi theka pa mwezi. Atamva anakwinya nkhope. "Basi? Ndiye ukwati wa mu December ndikafika ndili chomwechi?" Ndinawayankha kuti kuchokera mu August kufika mu December ndi makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo diresi imaona kusiyana kumeneko ngakhale aneba asaone.

Pali malire amene musawapyole popanda achipatala kukuyang'anirani. Malangizo ambiri amati akazi asatsike kuchepera 1,200 pa tsiku, amuna 1,500. Kwa munthu amene akuchita masewera ndingakweze malirewo: musadye zochepera nambala yanu ya m'gawo 2. Mukadzimana kwambiri, thupi silitaya mafuta okha, limadyanso minofu. Miyendo imalemera, tulo timavuta, mtima umapsa msanga, akazi ena msambo umasokonekera, ndipo mosadziwa mumayamba kuchepetsa kuyendayenda masana, zimene zimadya phindu lonse la kudzimana kuja. Mapeto ake amadziwika. Loweruka lina pa maliro kapena pa ukwati, munthu amagwera m'mphika ngati wochokera ku ndende.

Ena amafunsa ngati adye mofanana tsiku la masewera ndi tsiku lopuma. Thupi limawerengera za sabata yonse, osati za tsiku limodzi. Ngati nambala yanu ndi 1,650, pa sabata ndi 11,550. Mungathe kudya 1,750 masiku anayi a masewera ndi 1,500 kapena kuposerapo pang'ono masiku atatu opuma, zonse n'chimodzimodzi. Woyamba kumene ndimamuuza kuti asadzisokoneze, nambala imodzi tsiku lililonse.

Gawo 5: Phunzirani kuwerenga m'mphika wa banja

Mapulogalamu a pa foni anapangidwira anthu amene aliyense amadya chake cha m'paketi. Ife timadya za mumphika umodzi, ndipo mukalemba "sadza" kapena "nsima" m'pulogalamu mupeza manambala khumi osiyana, poti mtanda wa ku nyumba ina si wa ku nyumba ina, ndipo nsima yolimba ili ndi ufa wambiri kuposa yofewa. Njira yake ndi kuwerenga chinthu chisanaphikidwe.

Gulani sikelo yaing'ono ya kukhitchini, kapena bwerekani kwa sabata imodzi. Ufa wa chimanga, kaya ndi woyera kaya ndi roller meal, uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100 ukadali wouma. Yezani ufa wonse umene ukulowa mumphika tsiku limenelo, wa phala loyambira ndi wothirira womwe. Tinene kuti ndi magalamu 700, ndiye mphika wonse ndi makalori 2,520. Omolani monga mwa masiku onse n'kuwerenga mitanda. Ikatuluka 10, mtanda uliwonse ndi cha m'ma 250. Mukachita zimenezi kawiri kapena katatu, mwadziwa mtanda wa chipande cha pakhomo panu, ndipo simudzayezanso. Bambo amene amadya mitanda itatu masana ndi itatu madzulo wamaliza 1,500 asanakhudze ndiwo.

Sindikunena kuti musiye nsima. Amene amauza Mchewa kuti asiye nsima akufuna kuti alephere pofika Lachitatu. Ya mgaiwa, ya mapira kapena ya mawere imakhalitsa m'mimba kuposa ya ufa woyera, koma makalori ake sasiyana kwenikweni, choncho nayonso muiwerenge.

Chobisala kwambiri ndi mafuta ophikira. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya ufa kapena shuga ili ndi pafupifupi 4, ya mapuloteni (zomanga thupi) 4, ya mowa weniweni 7. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ndani amathira ndi sipuni? Timangopendeketsa botolo mpaka tomato asambe. Yesani izi: botolo la malita awiri lili ndi makalori cha m'ma 16,500. Lembani tsiku limene mwalitsegula ndi tsiku limene latha. Banja la anthu asanu likamaliza botolo m'masabata awiri, aliyense akumwa makalori pafupifupi 235 pa tsiku a mafuta okha. Alamu anga atayamba kuthira ndi sipuni, botolo linayamba kukhala pafupifupi mwezi, ndipo achimwene anga, amene sankafuna n'komwe kumva za makalori, anayamikira poona ndalama ya golosale.

Shuga muchite naye chimodzimodzi. Sipuni yaing'ono yosadzaza ndi makalori 16, yodzaza mulu imapitirira 20, ndipo paketi ya makilogalamu awiri ili ndi pafupifupi 8,000. Makapu atatu a tiyi a masipuni atatuatatu ndi makalori oyandikira 200. Onjezani Mazoe wosungunula mokhathamira, maheu a m'sitolo, mafiriziti a ana amene timalawako, ndi mowa wa Loweruka, umene botolo laling'ono limodzi ndi cha m'ma 140 kapena 150. Zakumwa sizikhutitsa, n'chifukwa chake ndi malo oyamba odulapo.

Manambala ena oti muwasunge m'mutu ndi awa. Dzira limodzi ndi 70 mpaka 75. Nthochi yapakatikati ndi 90 mpaka 100. Buledi ndi cha m'ma 250 pa magalamu 100, kutanthauza kuti kota ya lofu ya magalamu 700 ndi pafupifupi 440 musanapake kanthu. Nyemba zouma ndi cha m'ma 340 pa magalamu 100. Mbatata yophika ndi cha m'ma 80 pa magalamu 100, ndipo pa kadzutsa imaposa buledi kutali pokhutitsa. Mtedza ndi woposa 550 pa magalamu 100, chiponde sipuni yaikulu ndi pafupifupi 95, peyala ndi 160 pa magalamu 100. Zitatu zomalizazi ndi zakudya zabwino, koma dzanja limodzi la mtedza wokazinga poonera mpira limasanduka manja asanu. Masamba monga rape, covo, mpiru, nkhwani, luni ndi therere ali ndi makalori ochepa kwambiri moti musavutike kuwayeza, yezani mafuta kapena nsinjiro zimene mwathiramo.

Pa mapaketi ambiri a m'masitolo muno, makamaka ochokera ku South Africa, mphamvu imalembedwa mu kJ osati mu makalori. Gawani nambalayo ndi 4.2. Mukaona 1,050 kJ, ndi makalori 250. Onaninso ngati nambalayo ndi ya magalamu 100 kapena ya paketi yonse, poti pamenepa ambiri amapusitsidwa.

Gawo 6: Gawani nambalayo pa mbale za tsiku

Munthu wochita masewera asamale mapuloteni, chifukwa ndi amene amateteza minofu pamene mafuta akutsika, ndiponso amachedwetsa njala. Muyezo wabwino ndi magalamu 1.2 mpaka 1.6 pa kilogalamu iliyonse, ndipo ngati thupi ndi lalikulu kwambiri werengerani kulemera kumene mukufuna kufika. Wofuna kufika pa 70 ndiye kuti magalamu 85 mpaka 110 pa tsiku. Dzira limapereka 6. Nyama ya nkhuku yophika ya magalamu 100 imapereka 25 kapena kuposa. Machanki a soya, amene ena amawanyoza kuti ndi nyama ya amphawi, pafupifupi theka la kulemera kwake akadali ouma ndi mapuloteni. Matemba, nyemba, nzama, khobwe ndi chambiko zonse zimathandiza, ndipo palibe chifukwa chogulira zitini za ufa wa ku jimu ngati thumba silikulola.

Tsiku la 1,650 la alamu anga limaoneka chonchi. M'mawa akabwera koyenda, tiyi wamkaka wa sipuni imodzi ya shuga, magawo awiri a buledi ndi mazira awiri owiritsa, zonse pafupifupi 380. Masana mtanda umodzi, nyemba zodzaza chipande chachikulu ndi masamba ambiri othira mafuta pang'ono, cha m'ma 560. Chakumadzulo nthochi kapena magwafa, 90. Usiku mtanda umodzi, matemba kapena chiwalo cha nkhuku chochotsa khungu, ndi masamba, cha m'ma 570. Zonse pamodzi ndi 1,600, ndipo 50 yotsalayo ndi ya kulawa mchere mumphika, kumene palibe wophika amene amakulemba.

Taonani kuti akudya zimene banja lonse likudya. Chasintha ndi kaikidwe ka pa mbale: masamba theka la mbale, ndiwo ya mapuloteni mowolowa manja, nsima mtanda umodzi. Vuto lenileni silikhala kunyumba, limakhala kwa eni ake. Mukapita kukaona azakhali ku Mabvuku n'kudya mtanda umodzi, funso limabwera: "Kodi mwadwala? Kapena ndiwo zathu sizikukoma?" Kwathu kunenepa timakuona ngati kupeza bwino, ndipo munthu akayamba kutsika anthu amanong'onezana. Ine ndimangonena zoona, kuti BP ya m'banja mwathu mukuidziwa, ndikuithawa isanandipeze. Achikulire amamva msanga ukatchula BP kuposa ukatchula makalori. Ndipo tsiku limodzi lodya bwino kwa azakhali siligwetsa sabata, bola mawa lake mubwerere pa nambala yanu osadzilanga ndi njala.

Gawo 7: Masewerawo akhale otani

Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuchita masewera apakatikati, monga kuyenda mwandawala, mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa. Mbali yachiwiriyi ndi imene oyenda m'mawa ambiri amaidumpha. Simufunika jimu. Kunyonyomala n'kudzuka, kudzikankha pansi kapena pa khoma, kukwera ndi kutsika pa sitepe ya pakhonde, kunyamula zigubu za madzi za malita asanu, mphindi 20 kawiri pa sabata zikwanira poyambira. Za kuyenda, amene ali pafupi ndi Harare Gardens kapena Mukuvisi Woodlands ali ndi mwayi, koma kutsika kombi pa Copacabana n'kuyenda wapansi kukafika ku Avenues m'malo mokweranso ina nakonso n'kuyenda, ndipo thupi silifunsa ngati munavala yunifomu ya masewera.

Kutentha kwa mu October kukafika mudzaona ena akuthamanga atavala majuzi, ena atadzikulunga mapepala a pulasitiki pamimba. Thukuta ndi madzi, si mafuta. Kilogalamu imene yatsika mwa njira imeneyo imabwerera mukangomwa madzi, ndipo chimene mwapindula ndi chizungulire basi.

Gawo 8: Lolani sikelo ikonze masamu anu

Nambala imene mwapeza ndi poyambira. Itsatireni masabata atatu athunthu musanaisinthe. M'masabata amenewa dziyezeni katatu kapena kanayi pa sabata, m'mawa, pa sikelo imodzimodziyo. Ngati mulibe yanu ndipo mumayezera ku famase, ikhale famase yomweyo ndi nthawi yofanana. Phatikizani manambala a sabata n'kugawa ndi kuchuluka kwake kuti mupeze avareji, ndipo muyerekeze avareji ya sabata ino ndi ya sabata yatha, osati Lolemba ndi Lachiwiri. Thupi limatha kukwera kapena kutsika ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri m'tsiku limodzi chifukwa cha madzi, mchere, kudzimbidwa kapena msambo. Woyamba kumene kunyamula zitsulo minofu yake imasunga madzi masabata oyambirira, ndiye sikelo imaima pamene tepi ya m'chiuno ikutsika. N'chifukwa chake tinalemba nambala ya chiuno ija. Iyezeni kamodzi pa masabata awiri.

Pakatha masabata atatu, onani. Ngati mukutsika pakati pa kota ya kilogalamu ndi kilogalamu imodzi pa sabata, musakhudze kalikonse. Ngati mukutsika kuposa kilogalamu imodzi sabata ndi sabata, kapena mukumva chizungulire, kufooka pa masewera ndi kusowa tulo, wonjezerani makalori 150 mpaka 200. Ngati sikelo ndi tepi zonse zaima, musathamangire kudula. Yambani mwalemba chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku asanu ndi awiri, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kuphatikizapo maputi a mu kombi ndi zotsala za mwana. Nthawi zambiri wakuba amapezeka pamenepo. Mukaona kuti munawerenga moona, ndiye chotsani 100 kapena 150, kapena onjezani mphindi 20 za kuyenda, n'kudikiranso masabata atatu.

Thupi likamachepa limawotchanso zochepa. Mukatsika makilogalamu asanu alionse bwererani ku gawo 2 muwerengenso, mupeza kuti nambala yatsika ndi makalori 60 mpaka 80. Alamu anga atafika pa 79 tinawerengeranso, nambala yawo yosunga thupi inachoka pa 2,060 kufika cha m'ma 1,995, ndipo ya pa tsiku tinaiika pa 1,600. Mwezi wa December, wa maukwati ndi Khirisimasi, tinagwirizana kuti asadule kalikonse, adye pa 1,995 pomwepo kuti thupi lingoima, kudula adzayambirenso mu January ana akatsegulira sukulu.